Mwana wa ball python wafika pakhomo: mafunso ndi mayankho

Amene angogula kumene kamwana ka nsato ya mtundu wa ball python amafunsa mafunso ofananafanana, ndipo ambiri amawafunsa pakati pa usiku, tochi ili m'manja, akusuzumira m'khola kuti aone ngati kanthuka kakupumabe. Inenso ndinadzera momwemo. Safunsa anadya phula, choncho funsani ndithu. Koma ndineneretu kuti mayankho ambiri pansipa abwerera pa mfundo imodzi: njokayi ikayamba kuchita zachilendo, yambani mwafufuza khola, manja anu akhale kutali nayo. Kawirikawiri vuto silikhala mwa njoka. Limakhala m'kutentha, m'chinyezi, m'pobisala, kapena mwa mwiniwake amene akulephera kuugwira mtima.

Kodi ball python ndi njoka yotani?

Ndi nsato ndithu, koma yaing'ono poyerekeza ndi abale ake. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, kuyambira ku Senegal, kudzera ku Ghana, Togo, Benin, Nigeria ndi Cameroon, mpaka kukafika ku South Sudan ndi Uganda. Imakonda madera a udzu ndi mitengo yapatalipatali, imapezekanso m'minda. Dzuwa likamaswa mtengo imakhala ili phee muuna wa mbewa kapena m'chulu cha chiswe, n'kumatuluka kukada. Ilibe ululu. Nyama imaipha poikulunga ndi kuifinya.

Asayansi amaitcha Python regius, kutanthauza nsato yachifumu, ndipo ku Ulaya ambiri amati royal python. Dzina loti ball, lomwe ndi mpira, linabwera chifukwa cha khalidwe lake: ikaopsedwa sithamangira kuluma, imadzipinda nkhata, mutu n'kuubisa pakati, n'kungoti ndii.

Una uja musauiwale. Ndi malo amdima, othina, ofunda, achinyezi. Zonse zimene mudzagule ndi kukonza ndi zoyesa kutsanzira una umenewo.

Idzakula bwanji, ndipo idzakhala zaka zingati?

Kakamaswa kamakhala kotalika masentimita 25 mpaka 40, kolemera magalamu pakati pa 60 ndi 100. Ikakula imafika masentimita 90 mpaka 150, ndipo zazikazi ndizo zimakhala zazikulu ndi zonenepa. Imatenga zaka zitatu kapena kuposerapo kuti ifike pamenepo.

Za zaka, khalani pansi kaye. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30, zina kupitirira. Mu 2020, kumalo osungirako nyama a Saint Louis Zoo ku United States, ball python ya zaka 62 inaikira mazira. Ngati mwagulira mwana wa pulayimale, dziwani kuti njokayo idzakhalapobe iye akadzachoka pakhomo kupita kukoleji, ndipo wodzaidyetsa ndinu.

Ndangofika nayo kunyumba. Ndichite chiyani lero?

Iikeni m'khola, tsekani, chokanipo. Basi.

Ndikudziwa kuti mukufuna kuijambula, kuonetsa anzanu, kuimva ikuyenda padzanja. Koma taganizani zimene yadutsamo. Yachotsedwa m'kabokosi komwe inazolowera, yagwedezeka panjira, tsopano ili pamalo pomwe fungo lililonse n'lachilendo. Kwa kanjoka ka magalamu 80, chilichonse chachikulu chobwera kuchokera kumwamba ndi mbalame yolusa. Kwa masiku 7 oyamba musaigwire ndipo musaipatse chakudya. Ntchito yanu ndi kusintha madzi ndi kuwerenga zoyezera kutentha ndi chinyezi. Nthawi yokhayo yoigwira ndi pomwe mukuitulutsa m'chimene yabweramo, ndipo pamenepo pomwe iyezeni pa sikelo yapakhitchini yowerenga magalamu, nambalayo muilembe. Idzakuthandizani kutsogolo.

Ngati simunafunse pogula, bwererani kwa wogulitsa mufunse izi: inaswa liti, yadya kangati, imadya mbewa kapena khoswe, wamoyo kapena wakufa, ndipo inadya komaliza tsiku liti. Woweta wabwino sagulitsa kamwana kamene sikanadyeko maulendo angapo motsatizana. Funsaninso ngati inaswera mwa woweta. Zambiri zimatumizidwa kunja kuchokera ku Ghana, Togo ndi Benin, ndipo malonda ake odutsa malire amayendetsedwa ndi CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire. Zochokera kutchire zimabwera ndi nkhupakupa ndi nyongolotsi, zimavutanso kudya.

Ngati muli kale ndi njoka zina kapena abuluzi, yatsopanoyi ikhale m'chipinda chayokha kwa masiku 60 mpaka 90, ndi ziwiya zakezake, ndipo muziisamalira pomaliza.

Khola likhale lalikulu bwanji?

Apa oweta amakangana mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Ena amati kamwana kamafuna kabokosi kakang'ono chifukwa khola lalikulu limakaopsa. Ine maganizo anga ndi akuti chimene chimakaopsa si kukula kwa khola koma mbee wa malo. Khola la masentimita 90 lodzaza ndi pobisala, nthambi, makungwa ndi masamba apulasitiki ndi labwino kuposa la masentimita 50 lomwe muli mbale ya madzi yokha. Yesani motere: kodi njokayo ingachoke mbali yofunda kukafika mbali yozizira popanda kuonekera thupi lonse? Ngati ayi, onjezani zinthu. Ikadzakula idzafuna khola la masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kupita m'mwamba.

Khola lagalasi lokhala ndi sefa pamwamba limaoneka bwino koma limataya chinyezi ndi kutentha. La pulasitiki wolimba wa PVC limasunga zonse ziwiri. Ngati muli ndi lagalasi, matani pepala lakuda kunja kwa mbali zitatu, mutsekenso gawo lalikulu la sefa ija. Tepi yomatira isalowe m'kati mwa khola ngakhale pang'ono. Imamatuka, njoka n'kukakamirapo, ndipo poichotsa khungu limang'ambika.

Pobisala pamodzi sipokwanira?

Ayi. Pakhale pawiri, pena kofunda, pena kozizira, ndipo pafanane. Mukaika pamodzi pokha, kapena pena pakakhala pabwino kuposa panzake, njoka idzasankha chitetezo n'kusiya kutentha kumene thupi lake likufuna. Kanyumba kobisalamo kakhale kothina moti njoka ikadzipinda izigunda makoma onse, denga likhale lotsika, khomo limodzi laling'ono. Zija zooneka ngati chikuni chong'ambidwa pakati, zotseguka uku ndi uku, n'zokongoletsera chabe. Kambale kapulasitiki kosaonekera m'kati, kovundikiridwa, kobooledwa khomo losalala m'mbali, kamagwira ntchito kuposa zambiri zodula.

Ndipo ngati masana onse simukuiona, musadandaule. Ball python yobisala ndiyo ili pamtendere. Yomwe ikungoyendayenda masana, kukwera magalasi ndi kukhula mphuno pachitseko, imeneyo ndiyo ikukuuzani kuti china chake chalakwika.

Kutentha kukhale kotani?

Njoka sipanga kutentha m'thupi mwake ngati ife. Imachita kukufuna pamalo, ndipo popanda kutentha kokwanira chakudya sichigayika, chimangowola m'mimba. N'chifukwa chake khola liyenera kukhala ndi mbali ziwiri. Mbali yofunda ikhale madigiri 31 mpaka 33, yozizira 24 mpaka 27, ndipo usiku musalole kuti mutsike kupitirira 23 kapena 24. Chotenthetsera chikhale kumapeto amodzi, osati pakati.

Mutha kutenthetsa kuchokera pamwamba ndi babu la halogen masana komanso babu la seramiki lomwe limatentha osawala usiku, kapena ndi chotenthetsera choyala kunsi kwa khola. Chilichonse chimene mwasankha, chilumikizidwe ku thermostat, kachipangizo koyeza kutentha komwe kamazimitsa kapena kuchepetsa chotenthetsera kukafika pa muyezo umene mwaika. Apa palibe zokambirana. Chotenthetsera chopanda thermostat chimatha kufika pa madigiri owotcha, ndipo chodabwitsa n'chakuti njoka imatha kugona pamalo otentha mpaka mimba kupsa osasuntha. Miyala yamagetsi yomwe amagulitsa kuti njoka izigonapo isiyeni m'sitolo momwemo. Babu likakhala m'kati mwa khola, litchingidwe ndi sefa yachitsulo, chifukwa njoka imalikulunga.

Musayeze ndi dzanja. Dzanja lanu ndi lofunda kale, ndiye malo amene mukumva kuti "akungofunda pang'ono" angakhale atadutsa kale muyezo. Gulani zoyezera ziwiri zamanambala, china uku china uko. Zija zozungulira zokhala ndi muvi zimanama, komanso zimabwera ndi zomatira.

Nanga nyali?

Izisiyanitsa usana ndi usiku, pafupifupi maola 12 kuwala, 12 mdima. Usiku zimitsani zonse zowala, ngakhale mababu ofiira aja. Nyali ya UVB, yotulutsa cheza chonga cha dzuwa, yamphamvu yochepa si yokakamiza, koma oweta ambiri masiku ano amaiika, bola pakhale mthunzi wothawirako.

Chinyezi ndichisunge bwanji?

Chikhale pakati pa 60 ndi 70 peresenti, ndipo chikwereko nthawi yofundula. Chikachepa, njoka imafundula zidutswazidutswa, maso amachita makwinya, ndipo njira yopumira imauma.

Koma chinyezi si kunyowa. Njoka yogona pa thapsa tsiku ndi tsiku imayamba zilonda kumimba: mamba amasanduka ofiirira, kenako amatuluka matuza. Chofunika ndi mpweya wachinyezi, pogona pouma. Njira yake ndi kuyala zoyala zokhuthala, masentimita 7 mpaka 10, n'kumathira madzi m'makona kuti apite pansi, pamwamba pakhale pouma. Kupopera madzi kumakweza nambala kwa ola limodzi kenako imagwanso.

Pansi ndiyale chiyani?

Milungu yoyamba yalani mapepala oyera opukutira. Saoneka bwino, koma pamenepo mudzaona msanga ngati njoka yabwera ndi nthata komanso mmene chimbudzi chake chilili. Panthawiyi muikiremo kabokosi ka ndere ya sphagnum yonyowa pang'ono kuti ipeze chinyezi. Mukatsimikiza kuti ili bwino, sinthani muike makoko a kokonati oduladula kapena makungwa a cypress. Utuchi wa mkungudza wa mtundu wa cedar ndi wa paini ayi, mafuta ake onunkhira aja amawononga mapapo a njoka. Mchenga nawonso ayi.

Mbale ya madzi ikhale yolemera kuti isagubuduzike, ndipo muziitsuka pafupipafupi, chifukwa njokazi sizichita manyazi kuchitiramo chimbudzi.

Imadya chiyani, kangati?

Mbewa kapena makoswe athunthu, oweteredwa ntchito imeneyi. Osati nyama yodula, osati mazira, osatinso khoswe wogwidwa m'nyumba, amene angakhale atadya poizoni kapena ali ndi tizilombo. Walira mvula walira matope: ngati simungapirire kuona paketi ya mbewa mufiriza yanu, mwasankha chiweto cholakwika.

Kamwana kazidya kamodzi pa masiku 5 mpaka 7. Chakudya chilemere 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwa njoka. Ya magalamu 80 idye mbewa ya magalamu 8 mpaka 12, yomwe ogulitsa amaitcha hopper, ija yamera ubweya ndipo yayamba kudumphadumpha. Ngati mulibe sikelo, yerekezani ndi pamene njokayo yanenepa kwambiri, pakati pa thupi. Osayang'ana khosi. Khosi limaoneka ngati chala, ndipo ambiri amachita mantha n'kumaipatsa timbewa tofiira tongobadwa kumene, tomwe n'tochepa kwambiri kwa ball python. Nsagwada zake zimatanuka modabwitsa. Mudzaona nokha.

Ikamakula, chakudya chimakula koma masiku amatalikirana. Musaithamangitse kukula poidyetsa mowirikiza. Kunenepa kumafupikitsa moyo wake.

Ndiipatse yamoyo kapena yakufa?

Yakufa, yosungidwa mufiriza. Khoswe wamoyo amaluma, ndipo njoka yomwe ilibe njala sidziteteza, imangodzipinda iye akuidya msana. Ngati kamwana kanu kanazolowera zamoyo, kapatseni zomwezo maulendo awiri kapena atatu kuti kakhazikike, inu muli pomwepo maso ali tong'o, ndipo kakapanda kugwira pa mphindi 15 chotsani. Kusintha kubwere pambuyo.

Kakonzedwe ka yamufiriza n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Isungunukire mufiriji usiku wonse, kapena m'madzi ozizira ili m'kajumbo. Finyani pamimba kuti mutsimikize kuti mulibe pouma. Kenako iviikeni, ili m'kajumbo momwemo, m'madzi otentha koma osawira, mpaka ifunde ngati nyama yamoyo, makamaka mutu. Mu microwave musaikemo, imaphulika kapena kupsa m'kati. Chifukwa chofunditsira n'chakuti pa mlomo wam'mwamba wa ball python pali timaenje tomva kutentha. Mbewa yozizira kwa iyo ili ngati mwala.

Perekani madzulo kutada, ndi chopanira chachitali, osati zala. Gwirani mbewayo cha pamsana, muziigwedeza pang'ono pafupi ndi khomo la pobisala. Musaigunditse nayo kumaso. Ikagwira n'kukulunga, chokanipo mwakachetechete. Idyere m'khola lake lomwelo. Zoti mukaidyetsera m'khola imazolowera kuluma ndi nkhambakamwa chabe, ndipo kuisamutsira m'bokosi lina ndiko kumaichititsa kukana kapena kusanza.

Yakana kudya. Kodi ifa?

Ili ndiye funso lalikulu, ndipo mtundu umenewu ndi wotchuka ndi khalidwe lomweli. Zikuluzikulu zimatha miyezi osadya, makamaka zazimuna nyengo yokwerana, osaonda n'komwe. Kamwana kalibe mafuta ochuluka chotero, koma kuphonya kawiri kapena katatu si imfa ngati sikelo ikuonetsa kuti sikakutsika.

Yanga yoyamba inakana milungu itatu. Ndinkaipatsa mbewa pafupifupi tsiku lililonse, ndikuisuzumira m'mawa ndi madzulo, ndikuvundukula pobisala pake kuti ndione ngati ili moyo. Tsiku lina ndinakhala pansi pafupi ndi khola mphindi 40, dzanja litatopa ndi chopanira, iyo itangotulutsa kamutu, lilime lili penipeni, kenako n'kubwerera m'kati. Ndinayamba kutukwana wondigulitsa mumtima. Munthu wina woweta kalekale atamva nkhani yanga sanafunse za njoka n'komwe. Anafunsa kuti pobisala pake m'potani, nanga kofunda kuli madigiri angati. Pobisala panali chikuni chotseguka mbali zonse chija, chachikulu moti mukanalowa njoka zisanu. Kutentha kunali 27. Ndinaika timbale tiwiri tovundikira, ndinakonza thermostat, ndinaphimba khola ndi nsalu, n'kudziletsa kwa sabata yathunthu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndisanafikitse n'komwe mbewa pakhomo, ndinangomva kuti thi, chopanira chili chopanda kanthu.

Ndiye ikakana, tsatani izi. Yezani kutentha ndi chinyezi. Onani pobisala. Lekani kuigwira. Onani ngati maso achita buluu, chifukwa zambiri sizidya zikamafuna kufundula. Funsani ngati mukuipatsa chimene inazolowera, pakuti ya mbewa imatha kukana khoswe. Dikirani masiku 5 mpaka 7 musanayesenso, chifukwa kuipatsa tsiku ndi tsiku kumangoiphunzitsa kukana. Mukayesanso, mutha kusiya mbewa yakufayo pakhomo la pobisala usiku wonse, zina zimadya pokhapokha palibe woziona. Yotsala m'mawa itayeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ikatsika ndi 10 peresenti ya kulemera kwake, kapena msana ukayamba kuthwa ngati denga la nyumba, pitani kwa dokotala wa ziweto. Kuikankhira chakudya kukhosi si ntchito ya munthu wongoyamba kumene.

Yasanza chimene inadya. Ndiipatsenso?

Osati lero, osatinso sabata ino. Kusanza kumapweteka kummero kwa njoka ndipo kumafuna nthawi kuti kupole. Dikirani masiku 14, kenako mupereke chakudya chocheperako. Pakali pano fufuzani chifukwa: mwina munaigwira itangodya, mwina khola likuzizira, mwina mbewa inakula kwambiri kapena sinasungunuke bwino. Ikasanza kawiri motsatizana, imeneyo ndi nkhani ya dokotala.

Ndiyambe liti kuigwira? Nanga ikandiluma?

Ikadya kawiri kapena katatu motsatizana m'nyumba mwanu. Yambani ndi mphindi 5, kawiri pa sabata. Musaigwire kwa maola 48 itadya, tsiku lodya, kapena ikamafundula. Sambani m'manja kaye kuti musamanunkhe mbewa. Inyamuleni kuchokera m'mbali, dzanja lilowe pansi pa thupi, osati kuitsomphola kuchokera kumwamba, ndipo kumutu musakhudzeko chifukwa zimadana nazo. Ikadzipinda mpira m'dzanja lanu, musaitambasule. Khalani chete, pakapita kanthawi mudzaona lilime likutuluka, kenako mutu.

Tiana tina n'taukali, timachita fuu ndi kujompha. Ndi mantha, ndipo zimatha tikamakula. Kuluma kwake kuli ngati kukandidwa ndi minga ing'onoing'ono: timadontho ta magazi, basi. Choopsa ndi inu kudzidzimuka n'kuiponya pansi. Ikaluma n'kukakamira poyesa chala ndi chakudya, musakoke, mano ake ndi opindikira m'kati ndipo angathyoke. Ithireni madzi ozizira pang'ono kumutu, isiya yokha. Tsukani balalo ndi sopo.

Kunena zoona, njoka sikondwa ndi kugwidwa ngati galu. Imangozolowera kuti inu si mdani.

Maso ake achita buluu ndipo khungu lathima. Yadwala?

Ikufuna kufundula. Kamwana kamafundula pafupifupi milungu 4 mpaka 6 iliyonse chifukwa kakukula. Poyamba mimba imachita kufiirira pang'ono, mawanga amathima, kenako maso amachita ngati mwalowa mkaka. Njoka ilibe zikope. Diso lake ndi lophimbidwa ndi kamba koonekera, ndipo nakonso kamafunduka limodzi ndi khungu lonse. Panthawiyi siona bwino, ndiye imakwiya msanga. Pakapita masiku ochepa maso amayeranso, anthu n'kumadabwa kuti khungu lija lapita kuti. Silinachoke. Dikirani masiku ena atatu kapena asanu, mudzapeza litakulungika pakona ngati sokosi yovulidwa mothamanga.

Litambasuleni muone ngati lachoka lonse, makamaka pa maso ndi kunsonga kwa mchira. Khungu lotsalira kumchira limauma n'kumanga ngati mphira, nsonga n'kufa. Likatsalira, kwezani chinyezi, muike njokayo m'kabokosi kokhala ndi thaulo lonyowa ndi madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, izidzikhula yokha. Osasenda ndi zikhadabo. Za pa diso musayese n'komwe kuzichotsa ndi chopanira, ambiri aboola maso a njoka zawo pochotsa chinthu chimene panalibe.

Sinachite chimbudzi milungu iwiri. Ndichite mantha?

Ayi. Zimasunga, ndipo zambiri zimatulutsa zonse pamodzi pofundula. Toyera tolimba ngati choko timene mumapeza si mazira kapena matenda, ndiwo mkodzo wake.

Ikungokhala m'mbale ya madzi. Zili bwino?

Kulowamo mwa apo ndi apo si vuto. Koma ikachita kusamukiramo, pali zifukwa zitatu zoyamba kuziganizira: khola latentha kwambiri, chinyezi chachepa, kapena ili ndi nthata. Yang'anani pansi pa mbaleyo. Mukaona timadontho takuda ngati tsabola wopera, ndi zimenezo. Zimabisala mozungulira maso ndi m'kamzere ka pansi pa chibwano, ndipo mukaipukuta ndi pepala loyera lonyowa zimatsalirapo. Zimayamwa magazi, ndipo kamwana zingakafooketse msanga.

Chotsani zoyala zonse mutaye, tsukani khola ndi ziwiya, bwererani ku mapepala oyera, ndipo mankhwala akuuzeni ndi dokotala. Mankhwala opopera tizilombo m'nyumba amapha njoka, ndipo ena ophera nthata, monga permethrin, ndi poizoni kwa amphaka. Nkhondoyi imatenga milungu ingapo chifukwa mazira a nthata amaswa pambuyo, inu mukuyesa mwapambana.

Ndi zizindikiro ziti zofunika dokotala msanga?

Kupuma kwa phokoso, ngati kakhweru kapena kuthetheka, kosatha ngakhale itafundula. Thovu kapena mamina kukamwa ndi m'mphuno. Kukhala kukamwa kuli yasa, mutu utaloza kumwamba. Zimenezi ndi matenda a m'mapapo, ndipo njoka siingathe kutsokomola kuti ichotse makhololo. Ena amayamba ndi kuzizira, ena ndi kachilombo ka nidovirus komwe kamafala pakati pa nsato. Onjezanipo kutupa kapena mafinya m'kamwa, zilonda zakupsa, matuza kumimba, chimbudzi chamadzi chonunkha kwambiri kapena chamagazi, ndi kulephera kudzitembenuza ikagona chagada.

Si dokotala wa ziweto aliyense amene amadziwa za njoka. Mufufuzeni lero, njoka ili bwinobwino, nambala yake muisunge.

Yanga imagwedeza mutu ndipo imaphonya pogwira chakudya. N'chiyani?

Funsani kuti ndi ya mawanga amtundu wanji. Oweta atulutsa mitundu yambirimbiri ya maonekedwe, monga albino, pastel, piebald ndi ina, ndipo yambiri ilibe vuto. Koma mtundu wa spider, pamodzi ndi ina ngati champagne ndi woma, umabadwa ndi vuto logwedeza mutu ndi kupotokola khosi. Silichiritsika, ndipo limakula njoka ikapanikizika. Yotere imatha kukhala moyo wautali, ingofunika khola labata ndi chakudya chakufa basi. Ine sindingalimbikitse munthu kugula spider, koma ngati muli nayo kale, isamaleni. Ngati si ya mitundu imeneyi ndipo kugwedezako kwayamba mwadzidzidzi, onani ngati khola silinatenthe mopyola, kenako thamangirani kwa dokotala.

Ndingaike ziwiri m'khola limodzi kuti zisasungulumwe?

Ayi. Mukaziona zitaunjikana pamodzi si chikondi, zikulimbirana malo abwino. Yofooka imasiya kudya, matenda amapatsirana, ndipo mukapeza masanzi simudziwa kuti ndi a iti.

Kodi ingatipatse matenda ife?

Njoka, monga abuluzi ndi akamba, zimanyamula tizilombo ta Salmonella m'matumbo popanda izo kudwala. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira njoka, khola kapena mbewa. Mbale yake musatsukire musinki yotsukiramo mbale zanu, mbewa zikhale m'chidebe chakechake chotseka, ndipo zoipsompsona zija siyani. Bungwe loona za matenda la CDC la ku United States limalangiza kuti ana osakwana zaka 5, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chili chofooka asamagwire nyama zoterezi.

Ndadzuka m'mawa, m'khola mulibe. Ndiyambire pati?

Yambirani m'khola momwemo. Fukulani zoyala, suzumirani m'kati mwa zokongoletsa zobooka, pansi pa mbale, ndi m'mphepete mwa chivundikiro. Zambiri "zothawa" zimapezeka zili momwemo.

Ngati yatulukadi, tsekani zitseko ndi mawindo, agalu ndi amphaka atuluke, ndipo uzani onse a m'nyumba kuti asakhale pa sofa kapena kuyatsa makina ochapira asanayang'ane. Kawirikawiri siipita patali. Imatsata khoma mpaka itapeza kampata kamdima, kothina, kofunda: kuseri kwa firiji, pansi pa shelefu ya mabuku, m'nsapato, m'chikwama, kumbuyo kwa kompyuta. Fufuzani chipinda chimodzi mpaka kumaliza musanapite china, kuyambira pansi, koma osaiwala kuti tiana timakwera. Kukada, zimitsani magetsi mukhale chete ndi tochi. Yalani majumbo olira m'mbali mwa makoma kuti muimve ikamadutsa, kapena wazani kamzere ka ufa pakhomo lililonse kuti m'mawa muone kumene yalowera. Ikani kanyumba kake kobisalamo pansi, pafupi ndi khoma, pamalo ofunda, ndi madzi pambali. Imatha kupezeka patapita milungu ili bwinobwino, yangochita ludzu.

Mukaipeza, ipatseni madzi, ionetsetseni ngati yavulala, ipume masiku angapo musanaidyetse. Kenako fufuzani pamene inatulukira. Pomwe mutu wake ungalowe, nthawi zambiri thupi lonse limadutsa, ndipo bowo lodutsira mawaya ndilo loyamba kulikayikira. Mabuku osanjikiza pa chivundikiro sathandiza, imakankha ndi msana mpaka mpata utapezeka. Gulani loko kapena zopanira chivundikiro zenizeni, ndipo muzizigwedeza ndi dzanja usiku uliwonse musanakagone.